Abla Tahani ndi Nkhani ya Moto

Abla Tahani, poti kuno mayi wophunzitsa timamutcha Abla, anali ndi zinthu ziwiri zimene ankanyadira, ndipo sankabisa. China chinali laibulale ya pasukulu ya atsikana kwathu kuno, chipinda cha pamwamba choyang'ana kunjanji ya sitima ya nzimbe, chimene anayamba kuchisamala ali mtsikana mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mphepete mwa mpango wawo. Chinacho chinali dzina la malemu bambo awo, Hagg Abdel-Mawgud, poti kuno Alhaji timati Hagg. Palibe ankaganiza kuti ziwirizi zingadzagundane mitu. Koma chaka chija zinagundana, ndipo a Tahani anayenera kulola kuti chimodzi chigwe.

Nkhani ya bambowo mwana aliyense kuno amakula akuidziwa. Kale, m'nyengo yodula nzimbe, moto unabuka m'mudzi anthu ali kuminda. Madenga athu ndi afulati, timaunjikapo mapesi ndi nkhuni, ndipo nkhunda zikayaka mapiko zimathawira padenga la mnzako n'kumuyatsira nayenso. M'nyumba ina munali ana amene makolo awo anawatsekera popita kumunda. Amuna atafika ali wefuwefu anapeza anawo ali panja amoyo, pambali pawo pataima Abdel-Mawgud, wopanda mkanjo, manja onse ali bii ndi mwaye. Kuyambira tsiku limenelo munthu akamutama, iye ankangowerama n'kuchokapo, anthu n'kumati, "Taonani kudzichepetsa kwake." Dzina limeneli ndi limene linkatsegulira a Tahani zitseko. Bambo wovuta, amene sakanalola mwana wake wamkazi kutsalira pasukulu akaweruka, ankati, "Ngati ali ndi mwana wa Hagg Abdel-Mawgud, atsale."

A Tahani ndi mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Sanakwatiwe, ndipo amene ankawafunsa chifukwa sankabwerezanso. M'chikwama mwawo simunkasowa mkate ndi tchizi chamchere, zodyetsa atsikana obwera kusukulu ndi njala, koma ukagwira buku ndi manja a mafuta unkaona zakuda. Fumbi ankadana nalo. Koma chimene ankadana nacho kwambiri chinali kasitolo ka pageti.

Pamenepo kafukufuku ankagulidwa ngati tomato. Mphunzitsi akati, "Mukafufuze za thonje," atsikana ankangotsikira pageti, mwini sitolo n'kutsegula intaneti, kusindikiza, kuvekerera chikuto cha maluwa, zatha. Aphunzitsi ankadziwa, makolo ankadziwa, ndipo onse ankaona kuti umu ndi mmene sukulu imayendera. Nthawi ya laibulale nayo, imene kalasi iliyonse imayenera kukhala nayo pamlungu, aphunzitsi a masamu ankangoitenga ngati ya bambo awo.

Munthu woyamba amene a Tahani anamugwira pakhosi anali Ustaz Milad (kuno mphunzitsi aliyense wamwamuna ndi Ustaz), mphunzitsi wa mbiri yakale, bambo wonenepa, wanthabwala, amene ankabwera ku laibulale chifukwa ndi kumene kunali mphepo yabwino ndi tiyi. Tsiku lina anamupeza atakhala pawindo akuchonga mulu wa mapepala a maluwa aja.

"Ustaz, mwawerenga zimene mukuchongazo?"

"Ndaziona, Abla."

"Sindinati kuona. Tatsegulani apa. Mwanayu akufotokoza za thonje, kenaka pakati pomwe akutiuza kuti tigule sopo wochapira amene amayeretsa kuposa onse. Inu mwalemba kuti wachita bwino kwambiri."

Ustaz Milad anavala magalasi, anawerenga, n'kuseka mpaka misozi. "Komatu sopoyo ndi wabwinodi, kunyumba timagwiritsa ntchito yemweyo."

"Mulibe manyazi?"

"Manyazi ndinali nawo, Abla, anatha ndi choko. Ana ndi ambiri ngati mchenga, ine maso awiri, limodzi lotha kale. Mukufuna nditani?"

"Mundipatse ana anuwo, inunso mubwere. Tiyi azikhalapo."

"Mukanayambira pa tiyipo," anatero Ustaz Milad.

Umu ndi mmene anayambira. Ustaz Milad ankasankha mitu imene mwini sitolo sakanaipeza pa intaneti ngakhale atafufuza mpaka kukalamba: ndani anakumba ngalande ya kumadzulo kwa mudzi, msika wa Lachiwiri unasamuka bwanji, chifukwa chiyani anthu anasiya kulima nyemba kumtunda. A Tahani ankaphunzitsa kafufuzidwe kake, ndipo lamulo lawo linali limodzi. Chilichonse ukalemba, unene amene wakuuza, ndipo umufunse ngati anaona yekha kapena anachita kumva. Ngati anamva, anamva kwa yani? Uzitsata choncho mpaka ufike pa munthu amene anaona, kapena pa buku limene ungaligwire ndi manja. Atsikana sanachione chachilendo, chifukwa m'phunziro la chipembedzo mawu sabwera okha, amabwera ndi mndandanda wa anthu, uyu anamva kwa uyu, amene anamva kwa uje. Chachilendo chinali kuchita zomwezo ndi nkhani za azakhali ako.

Sizinayende bwino nthawi yomweyo. Mtsikana akapita kukafunsa munthu wamkulu ankabwera atakhuta, pepala lili mbee, chifukwa kuno mlendo sayamba nkhani asanadye, ndipo akatha kudya nthawi yatha. Ena ankaopa kufunsa gogo kuti, "Munaona nokha?" poti kutero kuli ngati kumunena kuti ndi wabodza. A Tahani anawaphunzitsa kufunsa mozungulira: "Inu munaima pati tsiku limenelo? Kunkanunkha chiyani?" Pang'onopang'ono aphunzitsi ena anayamba kukwera masitepe aja. Wa sayansi anabwera ndi ana oyeza madzi a m'ngalande, ndipo ngakhale wa masamu anabweza nthawi ija, akung'ung'udza. Mphunzitsi wamkulu ataona kuti alendo ochokera kumzinda wa Qena akuyamikira, analamula kuti kafukufuku wopambana aziwerengedwa pa asembule ya m'mawa, pa chokuzira mawu chija chimene chimamveka mpaka kumanda.

Chaka chimene ndikunenachi, mtsikana wina dzina lake Dalal anasankha nkhani ya moto. Anali mwana wa wogulitsa palafini, wowonda, wosalankhulalankhula, koma akagwira chinthu sataya. A Tahani atamva mutuwo mtima unachita kuti myaa. Anaganiza za dzina la bambo awo likumveka m'mudzi monse, ndipo madzulo ake anagula maswiti n'kugawira aphunzitsi popanda kunena chifukwa.

"Usandiope chifukwa ndi bambo anga," anamuuza Dalal. "Ufunse ngati mmene ungafunsire za munthu wina aliyense."

Mawu amenewo anawalankhula mosavuta, poti ankadziwa kale yankho.

Patapita milungu, Dalal anabwera nthawi yopuma, Ustaz Milad ali pawindo pawo paja. Anaima pafupi ndi chitseko ngati wofuna kuthawa.

"Abla, nkhani ija yandikanika."

"Yakanika pati?"

"Aliyense akuti anamva. Amuna okalamba akuti anafika moto utatha, anangoona a Hagg ataima ndi ana. Ndikawafunsa kuti anakuuzani ndani kuti analowa, akuti akazi awo. Ndikafunsa amayiwo, akuti anamva kwa Amake Sabri. Njira zonse zikuthera kunyumba kwanu, Abla."

Sabri ndi mchimwene wawo wa a Tahani, woyamba kubadwa. A Tahani anamwetulira. "Nanga chodabwitsa n'chiyani? Mkazi amamva kwa mwamuna wake."

"Nanenso ndinatero. Ndiye ndinapita kwa amalume a Fawzi, osita zovala aja. Iwo anali mmodzi wa ana a m'nyumbamo, ndipo atsala okha. Poyamba anandiuza zomwe aliyense amanena. Kenaka ndinawafunsa muja munatiphunzitsira, kuti inuyo mukukumbukira chiyani ndi thupi lanu. Anaika chitsulo chositira pansi. Akuti utsi unali wambiri, sanaone nkhope. Koma akuti amene anawanyamulayo, iwo anamugwira tsitsi. Loluka, lalitali, anachita kulikulunga m'manja." Dalal anatseka kope lake. "Akuti moyo wawo wonse palibe anawafunsapo zimenezo."

A Tahani ndi Ustaz Milad anayang'ana kukhoma. Chithunzi cha Hagg Abdel-Mawgud chinali pakhoma pomwepo, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti bamboyo dazi linamuyamba asanakwatire.

Dalal atatuluka, Ustaz Milad anatseka chitseko. Nthabwala zinali zitawathera.

"Abla, mverani. Fawzi anali kamwana, ndipo mwana pa utsi amagwira chilichonse, mwina chinali chingwe. Mtsikanayu ndimupatsa mamalikisi ake onse, ndimusinthire mutu, alembe za msika. Palibe adzadziwe."

"Iye adzadziwa."

"Ndi mwana, adzaiwala."

"Sadzaiwala, Ustaz. Adzaphunzira kuti funso limathera pamene layamba kuwawa aphunzitsi." A Tahani anakhala pansi. Anali ndi mantha enieni, ndipo anakwiyira Dalal, anakwiyira Fawzi, anadzikwiyiranso okha chifukwa chokwiya. "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinayamba ndine."

Ataweruka anatenga Dalal n'kupita naye kwawo. Anapeza mayi awo kuseri, atakhala pafupi ndi uvuni, mikate ili ndandanda padzuwa kudikira kufufuma. Amake Sabri anali atakalamba, maso akuchita chifunga, koma lilime likadali lakuthwa. Sanalole funso lililonse mpaka mtsikanayo atadya mkate wotentha ndi uchi wa nzimbe.

"Tsopano funsa, mwana wa wapalafini. Ndamva kuti ukuzungulira mudzi ngati nkhuku yofuna poikira."

Dalal anayang'ana a Tahani, kenaka anafunsa motsitsa mawu. "Agogo, tsiku la moto inu munali pati?"

Mayiwo anatembenuza mkate umodzi, n'kutembenuzanso wina umene sunkafunika kutembenuza.

"Wakutuma ndani? Uyu?"

"Amayi," anatero a Tahani, "Fawzi akuti anagwira tsitsi."

"Fawzi!" Mayiwo anaseka mwadzidzidzi. "Kagalu kameneko kanatsala pang'ono kundizula mutu. Mpaka lero mbali iyi silimera bwino."

Kenaka anafotokoza, osayang'ana munthu. Anali mkwatibwi wa masiku ochepa, nthawi imene mkazi saponda kunja kwa nyumba ya apongozi ake. Ndiye chifukwa chake anali pamudzi ena onse ali kuminda. Anamva ana akulira, anadzithira madzi a mumtsuko, anathyola chitseko ndi mpini. Potuluka ulendo womaliza, diresi linali litapsa kumsana konse, mpango utagwera m'moto. Woyamba kufika anali mwamuna wake. Anavula mkanjo, anamufunditsa, n'kumukankhira m'nyumba mwawo amuna ena asanatulukire pakona.

"Mukudziwa inu ana a lero chimene chikanachitika? Mkwatibwi kuonedwa pamsewu mutu uli pamtunda, msana uli pamtunda? Apongozi anga akanandibweza kwathu tsiku lomwelo, ana opulumukawo akanangokhala nkhani ya pambali. Mawa lake amayi a m'mudzi atabwera kudzaona, ndinawauza kuti analowa ndi iye. Bambo ako sananamepo, Tahani. Sanatsegule pakamwa n'kamodzi komwe. Bodza linali langa, iye anangolisenza, ndipo linkamulemera. Anthu akamutama ankabwera kunyumba osadya."

A Tahani analira. Analirira bambo awo, amene ankawaona akuwerama n'kumaganiza kuti akudziwa chifukwa chake. Analiranso chifukwa cha manyazi, poti anakhala zaka zonsezo akuphunzitsa ana a eni kufunsa, koma mayi amene ankadya nawo mbale imodzi sanawafunsepo kanthu.

Nkhani siigona m'mudzi. Tsiku lotsatira Sabri anabwera kuchokera kumunda matope ali m'miyendo, ndipo sanapereke ndi moni womwe.

"Ndamva zoti ukufuna kuvula bambo pamaso pa anthu."

"Palibe akuvula munthu, achimwene."

"Khala chete! Mabuku akuzunguza mutu. Dzina limene timadyera tonse, limene iwe wemwe umayendera, ukalipereke kwa mwana wa wapalafini? Ndiye pa chokuzira mawu chanucho mukanena kuti analowa ndani? Mukatchula mayi anga? Anyamata a pamsika azikatafuna dzina la mayi anga ngati nzimbe?"

Apa Sabri sankalankhula zopusa. Kuno dzina la mayi silitchulidwa pagulu. Mnyamata amalibisa ngati bala, ndipo anzake akalidziwa n'kumuitanira nalo, pamakhala ndewu ya magazi. Mkazi akabereka amasanduka make uje, ndipo ngakhale pa maliro ake wolengeza amati wamwalira mayi wa uje, mkazi wa uje. A Tahani ankadziwa zonsezi, ankadziwanso kuti abambo ena akamva adzayamba kuitanitsa ana awo belu likangolira.

"Achimwene," anatero, "ine sindikakamiza amayi. Nkhaniyi ndi yawo, akakana siwerengedwa, ndipo mwanayo ndimuuza chifukwa chake. Koma chimodzi chokha sindingachite. Sindingamuimike mwana uja pamaso pa anzake kuti awerenge zimene iye ndi ine tikudziwa kuti si zoona. Bola anditsekere laibulaleyo."

"Aitseke! Inatipatsa chiyani?"

Mayi awo anali akumva zonse ali pamphasa. Anagogoda pansi ndi ndodo.

"Sabri, ukukuwa m'nyumba ya yani? Bambo ako amene ndinkateteza dzina lawo anagona, apongozi anga anagona, ndipo msana wangawu palibenso angaufune kuuona. Tahani, kamuitane mtsikana uja abwere ndi cholembera chake."

Dalal atabwera anawerenga zimene analemba, ndipo analemba mosamala. Ananena amene anamva, amene anaona, ndiponso kuti Hagg Abdel-Mawgud anafunditsa mkazi wake mkanjo n'kusunga chinsinsi mpaka kumanda. Pamene panafunika dzina analemba kuti Amake Sabri, poganiza kuti wapeza njira yokondweretsa onse. A Tahani mtima unakhala m'malo, ndipo ngakhale Sabri anafewa nkhope pang'ono.

"Walakwitsa," anatero mayiwo.

"Pati, agogo?"

"Si paja mumati muzilemba zimene zinalipo? Tsiku limenelo Sabri kunalibe, ngakhale m'mimba munalibe. Amake Sabri sanalowe m'moto. Lemba kuti Nafisa, mwana wa Radwan."

Sabri anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

M'mawa wa tsiku lowerenga, a Tahani anaima kumbuyo kwa mizere ya atsikana. Ustaz Milad anaima pambali pawo atavala jekete la ku tchalitchi. Dalal anayamba kuwerenga. Atafika pa dzina lija sanathamange, analitchula bwinobwino, ndipo linamveka pamwamba pa madenga onse. Panalibe woomba m'manja. Atsikana ankangoyang'anana, ena akuyang'ana a Tahani.

Zimene ankaopa zinachitikadi, ngakhale osati zonse. Masana amenewo mipando ina mu laibulale inali yopanda anthu, ndipo atsikana ena sanabwererenso mpaka chaka chinatha. Koma amene anatsala anali ndi phokoso lachilendo, aliyense akufunsa mnzake ngati amadziwa dzina la agogo ake aakazi. A Tahani, amene salola phokoso m'chipinda chimenecho, tsiku limenelo anangowasiya.

Akukonzekera kutseka anamva mapazi olemera pamasitepe. Anali Sabri, amene chibadwire anali asanapondemo m'chipindacho. Anaima pakhomo, akuyang'ana mashelefu ngati angamugwere.

"Ndinapita kunyumba m'mawa," anatero. "Ndimati ndikatseke mawindo kuti amayi asamve."

A Tahani anaika makiyi patebulo.

"Ndinawapeza padenga akudyetsa nkhunda. Mawindo otseka panalibe." Anakanda chibwano, maso ali pansi. "Mwana uja atatchula dzina lawo, anatembenuka. Anataya chimanga chonse, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali munthu pageti."

"Ananena chiyani?"

Sabri anatembenukira kumashelefu. Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, mwaukali, ngati wagwidwa ndi utsi.

"Anayankha, Tahani. Anati, 'Ndili pano.'"